Mutu 9: Rhona ndi Kampira Kachikasu

1. Loweruka Lomaliza

Nyengo ya kwathu kuno ku Scotland ilibe ulemu. M'mwezi wa Januwale imakulonjera ndi dzuwa, uli pakati poyankha moniyo n'kukuwaza mvula kumaso, usanapukute n'kukuthira chipale chofewa m'khosi. Ife a pa kalabu ya ndege zopanda injini, pansi pa phiri la Garvel, tinazizolowera zimenezi. Rhona Buchan anali asanazizolowere. Loweruka limenelo anafika pa bwalo kusanayere bwino, ndipo chitsikire m'galimoto maso ake sanachoke kumwamba.

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. Chaka chathunthu anakhala akuuluka mphunzitsi wake, a Tulloch, ali pa mpando wakumbuyo. Chotsala chinali chimodzi: tsiku loti a Tulloch atsike, amange malamba a mpando wopanda munthu, n'kumuuza kuti, "Pita wekha."

Rhona sankafuna tsiku lina koma lomweli. Bambo ake ankagwira ntchito pakati pa nyanja, kumene amakumba mafuta, ndipo tchuthi chawo chinali chitatha. Lolemba ankanyamuka, ulendo uno wakutali, osabweranso mpaka nyengo yotentha. Za Lamulungu panalibe woziwerengera, pakuti a zanyengo anali atalengeza kale chimphepo. Kuti bambo akewo amuone akuuluka yekha koyamba, linali lero basi.

Pa kalabu pathu pali mwambo woti wouluka yekha koyamba amadyetsa anthu onse keke. Chidutsire Khirisimasi, a Buchan ankabwera Loweruka lililonse atakumbatira chitini cha keke, ndipo Loweruka lililonse nyengo inkakana. Tsiku lina nkhungu, lina mphepo, lina bwalo lonse matope okhaokha. Kekeyo tinkadyabe, poti kubwerera nayo kunyumba kukanakhala kuwanyoza amayi ake a Rhona. Ndisabise, enafe tinayamba kuikonda nyengo yoipa.

"Adadi, chitinicho chisiyeni m'galimoto," anatero Rhona. "Chikundibweretsera tsoka."

"Tsoka la keke ndiye liti?" a Buchan anaseka. "Amayi ako aphika ndi mtima wonse iyi. Lero idyedwa mwachilungamo."

"Mwatikumbukiranso, a Buchan? Ambuye akudalitseni!" Ameneyu anali Struan, wamkulu kwa Rhona ndi chaka chimodzi. Iye anauluka yekha chaka chatha, ndipo chiyambire pamenepo ankayenda ngati kumwamba anasiyiridwa ndi amalume ake. "Iwe Rhona, usafulumire kuphunzira ayi. Enafe tikunenepa."

"Choka apa! Kakankhe chitseko cha shedi uko, mafutawo atsike."

Ndege yopanda injini imakhala ya munthu mmodzi kumwamba kokha. Pansi ndi ya gulu. Ena amaikankha kuitulutsa mu shedi, wina amagwira nsonga ya phiko kuti isakhule pansi, wina amakoleka chingwe. Kumapeto kwa bwalo kuli makina okulunga chingwecho mwaliwiro mpaka ndege kunyamuka, ndipo tsikulo pa makinapo panali mayi Geddes. Ine ntchito yanga inali ya nyali, youza mayi Geddes kuti akoke kapena aleke.

2. Chenjezo la a Tulloch

A Tulloch anayendetsa basi mpaka kupuma pa ntchito, ndipo ankalankhula ndi ophunzira ngati mmene ankalankhulira ndi okwera opanda matikiti. M'mawa umenewo anauluka ndi Rhona kawiri. Mtsikanayo anakwera bwino, anazungulira bwino, n'kutera mofewa. Achikulirewo sanapeze chodzudzula, ndipo kwa iwo kumeneko ndiko kuyamikira.

Atangotsika ulendo wachiwiri, mtambo unatulukira kuseri kwa Garvel. Mvula yosakanikirana ndi chipale inatithamangitsira m'kabasi kakale kamene timamweramo tiyi. A Tulloch anaika kapu pansi n'kuloza Rhona ndi Struan.

"Inu awiri, tcherani khutu, sindibwereza. Kumwamba kwa nyengo yozizira n'kokongola, koma n'kwabodza. Mpweya uli phee, ndege ikuyenda ngati pa tebulo, mapiri akuoneka mpaka kunyanja. Iwe n'kumati lero ndiye lero. Pamene ukuteropo, kuseri kwa Garvel kukuphikidwa zina. Phiri lija limatipatsa mphepo yokwera nayo, komanso limatibisira zimene zikubwera. Mlonda wathu ndi mulu wa miyala uli pa nsonga paja. Ukuuona, uluka. Sukuuona, khala pansi. Usati mwina ndi maso anga, mwina chidutsa. Khala pansi basi."

Struan anayasamula. A Tulloch anamuona.

"Yasamulani bwino, bwana, koma khutu lisatseke. China ndi chivundikiro cha galasi chija chotsekera pokhala woyendetsa. Galasi likazizira limadana ndi mpweya wa munthu. Ukatseka msanga, chingwe chisanabwere, mpweya wako umamatirira m'kati, kenaka umauma n'kusanduka chisanu. Ndiye dzuwa la masiku ano limayenda m'munsi, limakulasa m'maso mwenimweni. Likamenya galasi lotere, kutsogolo konse kumangoti mbuu. Kupukuta ndi golovesi ndi kupakapo phala. Inu musanabadwe, pano panali munthu dzina lake Farquhar, wodziwa kuuluka kuposa ine. Anamva kuzizira, anatseka msanga. Anakanda kabowo ndi chala, nati kakwana. Chingwe chitamukoka, kabowoko kanatsekeka ali m'mwamba. Anakatera pa mpanda wa miyala uja wa kum'mawa. Moyo anapulumuka, koma mpaka lero amayenda ndi ndodo, ndipo ndege sanaikwerenso. Ndiye zizidwani. Mano agwedezeke, mamina atuluke, koma chivundikiro chikhale chotsekula mpaka chingwe chifike."

Anamwa tiyi pang'ono, kenaka anayang'ana Rhona yekha.

"Kampira kachikasu kaja, ka kudzanja lako lamanzere, umakadziwa ngati komasulira chingwe ukafika pamwamba. Kali ndi ntchito inanso. Pansi pompano, chingwe chitakolekedwa, anthu onse akukuyang'ana, ngati china chake sichikukukomera, koka. Palibe amene adzakudye. Pa bwalo lino aliyense, kaya ndi mwana, kaya wabwera lero, akafuula kuti 'Imani!' zonse zimaima, mafunso pambuyo. Ine ndikhoza kukuuza kuti pita. Koma chivundikiro chikatsekedwa, mawu anga athera panja. M'katimo watsala ndiwe."

"Ndamva, a Tulloch."

"Kumva amamva ndi Struan yemwe," anatero achikulirewo, n'kutola kapu yawo.

3. Kudikira

Dzuwa la Januwale ndi laulesi. Limadzuka mochedwa, limayenda chokwawa m'mphepete mwa mapiri, n'kukagona ana asanafike kunyumba kuchokera kusukulu. Rhona ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mpando unkamuotcha.

Mvula inakata. Tinatuluka ndi nsanza kukapukuta mapiko, chifukwa a Tulloch salola ndege yonyowa kunyamuka. Tisanamalize phiko lachiwiri, mvula ija inabwerera ngati yaiwala kanthu. Tinathawa. Inakatanso, tinatulukanso, n'kutipezanso pomwepo. Ulendo wachitatu wina anaponya nsanza pansi n'kunena mawu oti sindingawalembe m'buku la ana asukulu.

Rhona ankangotuluka n'kulowa. Supu yake inazizirira pa windo.

"A Tulloch, uko kukuyera, si choncho?"

"Kukuyera m'mutu mwako."

"Koma taonani, kamtambo kaja kang'ambika!"

"Mwanawe, ukandifunsanso ndikutuma ukawerenge nkhosa za aneba."

Pofuna kupha nthawi, ndinatengera a Buchan panja kukawaphunzitsa kugwira phiko. Rhona anali atapempha kuti tsiku lake lalikulu wogwira phiko adzakhale bambo ake, ndipo a Tulloch anavomera.

"Mumagwira nsongayi mopepuka," ndinawauza. "Ndege ikayamba kuyenda, muthamange nayo pang'ono, kenaka muisiye. Osaikankha, osaikoka."

"Kuthamangako ndingathe," anatero a Buchan. "Kusiyako ndiye kaya."

Dzuwa litapendeka, kumwamba kunatseguka mwadzidzidzi. Mitambo inasuntha, phiri linatuluka loyera ndi chipale, mulu wa miyala uli nji pa nsonga pake. Tonse tinathamanga ndi nsanza zathu.

"Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto!" anafuula Struan, akukokera kandege ka mpando umodzi pa mzere. Poti iye anali wouluka kale yekha, a Tulloch anamulola kuyamba.

"Ukhale mbali ino ya phiri, pamene ndikukuona," anamuuza. "Ndikakuitana pa wailesi, ubwere pomwepo. Sindifuna za 'kamodzi kokha'."

"Inde, madala."

Koma Rhona akumuthandiza kumanga malamba, Struan anamunong'oneza.

"Mphepo iyi ndi ya mafumu. Lero ndikukaona kanyanja ka kuseri kwa Garvel. Ndipita n'kubwera madalawa asanamalize tiyi."

"Kuseri n'koletsedwa, Struan."

"N'koletsedwa kwa ana a keke. Ukandiulula ndiwe mfiti."

Rhona sanamuulule. Mtima wake unali pa zake, ndipo kuyambitsa mlandu nthawi imeneyo kukanadya dzuwa lake lomwe. Chingwe chinakoka, Struan anakwera, n'kukhotera ku phiri.

4. Nkhosa

A Tulloch anayang'ana Garvel nthawi yaitali. Kuseri kwake, kutali ndithu, kunali mzere wakuda wa mtambo wina. Anayang'ana kansalu koonetsa mphepo. Kenaka anawerama pa ndege ya mipando iwiri, n'kuyamba kumanga malamba a mpando wakumbuyo, wopanda munthu.

Tonse tinadziwa tanthauzo lake. A Buchan anavula chipewa, osadziwa chifukwa chake, n'kuchivalanso.

"Ukwere, uzungulire, utere," anatero a Tulloch. "Mtambo uwo watipatsa mpata wa ulendo umodzi, osati wokacheza. Pita wekha."

Rhona analowa, anadzimanga, anayesa zonse monga anaphunzirira. Bambo ake anaima pa nsonga ya phiko. Thirakitala inali ikubwera ndi chingwe kuchokera ku makina.

Pamenepo ndiye nkhosa za aneba zinaganiza zodzaonerera. Mphepo inali itagwetsa mpanda wa waya cha kumpoto, ndipo gulu lonse linakhamukira pa bwalo, pakati penipeni pamene chingwe chimadutsa. Thirakitala inaima. Anthu anathamanga, a Tulloch patsogolo, chipewa kudzanja lina, wailesi kudzanja lina. Mtambo uja unali utayamba kufulumira, ndipo anayamba kuitana Struan akuthamanga chomwecho.

Nkhosa sizidziwa changu cha munthu. Ukazipirikitsira kumanzere zimapita kumanja, ndipo imodzi ikaima kuti idye, zonse zimaima. Ine ndinatsala pa nyali, maso ali pa chipwirikiticho, mtima ukundiwawa chifukwa cha mwanayo.

Rhona anakhala m'ndege, mphepo ya m'phiri ikumumenya kumaso. Misozi ya kuzizira inkatsika yokha.

"Adadi, zala zafa."

"Pirira, mwana wanga. Amaliza posachedwa."

"Ndigwira bwanji chiwongolero ndi zala zakufa?"

Anadikira. Nkhosa ina inabwerera, anthu n'kuyambiranso. Rhona anayang'ana dzuwa, anayang'ana mtambo, kenaka anatambasula dzanja n'kutsitsa chivundikiro.

"Pang'ono chabe," anatero.

A Buchan sanaone cholakwika. Pamene a Tulloch ankapereka chenjezo lija, iwo anali kwa mayi Geddes kukaona makina. Anangosangalala kuti mwana wawo wabisala mphepo. M'katimo munayamba kufunda, ndipo Rhona ankapuma mofulumira ngati munthu wochokera kothamanga.

5. Kampira Kachikasu

Nkhosa yomaliza itatuluka, zonse zinachitika mothamanga, chifukwa aliyense ankauona mtambo uja. Chingwe chinafika, chinakolekedwa pansi pa ndege. A Buchan anadzutsa phiko. A Tulloch ankabwera chapatali ali wefuwefu, wailesi ili pakamwa. Ndinayang'ana kumwamba ndi kumbuyo, kunalibe kanthu, ndipo ndinayamba kuphethiritsa nyali pang'onopang'ono kuti mayi Geddes awongole chingwe. Kunja galasi linkangonyezimira ndi dzuwa, za m'kati sizinkaoneka.

Zimene zinachitika m'katimo anatiuza yekha pambuyo pake. Anakweza maso kufuna mulu wa miyala. Panalibe mulu, panalibe phiri. Kutsogolo konse kunali mbuu. Anapukuta ndi golovesi, zinangoipiraipira. Kaya chinali chipale chitafika, kaya linali galasi, sanathe kudziwa.

Anavula golovesi n'kukanda ndi chikhadabo. Panatseguka kabowo. M'kabowomo anaona udzu, ndi chingwe chikukwawa, chikuwongoka. Pambali pa chivundikiro pali kawindo kakang'ono ngati chikhatho. Atasuzumira pamenepo anaona bambo ake atagwira phiko ndi manja awiri, mwendo wina uli patsogolo kukonzekera kuthamanga, akumwetulira ngati mwana.

Kabowo kanali kokwana kunyamukira. Chingwe chinakungika, ndege inagwedezeka. Chala changa chinali kale pa batani louza mayi Geddes kuti akoke zenizeni.

Khwa! Rhona anakoka kampira kachikasu, mphete ya chingwe n'kugwera mu udzu.

"Imani!" Mawuwo anachokera m'kati mwa galasi.

Ndinayatsa nyali yoimitsa. A Buchan, osadziwa n'komwe chimene chachitika, anafuula kuposa aliyense, "Imani! Imani!" mpaka nkhosa kunja kwa mpanda zinadzidzimuka.

Rhona anatsekula chivundikiro. Phiri linali pomwepo, dzuwa likuliwalira, mulu wa miyala uli nji ngati ukumuseka. Chipale chinali chisanafike. Chimene chinamutsekera maso chinali mpweya wake womwe.

"Aa, mantha awa!" wina anang'ung'udza kumbuyo.

"Keke ina yaulere," anayankha mnzake, ndipo angapo anaseka. Ndinawayang'ana ndi diso loti mpaka lero amalikumbukira.

A Tulloch anafika. Anayendetsa chala m'kati mwa galasi, n'kuona chisanu pa chikhadabo chawo.

"Unatseka liti?"

"Nkhosa zitalowa."

"Ndinati chiyani ine?"

Rhona anazyolika. Kenaka anadzuka ngati wolumidwa. "Tipukute msanga, a Tulloch! Nthawi ilipo. Chonde!"

Achikulirewo sanakane. Tinabweretsa nsalu yofewa yofunda kuchokera m'kabasi, tinapukuta mosamala, tinadikira kuti liume. Galasi silifulumizidwa. Litayera bwinobwino, tonse tinatembenukira ku Garvel. Mulu wa miyala panalibe, ndipo ulendo uno silinali galasi. Mtambo unali utameza nsonga, ukutsetsereka kubwera kwathu, ndipo timadontho toyamba ta chipale tinagwera pa phiko.

"Lowetsani ndege," anatero a Tulloch.

Anakweza wailesi n'kuitananso Struan. Mawu a mnyamatayo anabwera odukaduka. "Ndikutera ku munda wa kumunsi. Musadandaule, madala."

Munda wa kumunsi ndi umene timateramo nyengo ikatipanikiza, ndipo wailesi siifikako bwino chifukwa cha mitengo. A Tulloch anatuma mayi Geddes kuti apiteko ndi thirakitala akamukoke.

6. Keke

Tinakankha ndege chipale chikutimenya m'maso. A Buchan sanasiye phiko lawo mpaka mu shedi. Rhona ankakankha kumbuyo, akulira poyera, osabisa.

Titatseka theka la chitseko, a Tulloch anaima pakhomo, wailesi ili m'manja, maso ali ku njira ya kumunsi. Analankhula osatembenuka.

"Rhona, lero wachita zinthu ziwiri. Kutseka galasi n'kwachibwana, ndipo kwakudyera tsiku lako. Usanamizire nkhosa, usanamizire nyengo. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, wadzionera wekha. Koma chinacho ndi chimene ndakhala ndikuphunzitsa anthu pano mpaka imvi zonsezi, ndipo ambiri sachitha. Munthu akalakwa kamodzi amafuna kubisa cholakwacho ndi china chachikulu. Anthu akuyang'ana, chingwe chakungika, bambo ako ali pa phiko. Farquhar anapita. Ukanapita, kabowo kako kakanatsekeka usanafike pamwamba, dzuwa lili m'maso, mtambo ukubwera. Bwenzi pano tikulankhula zina."

"Koma adadi akunyamuka Lolemba," Rhona anatero akusisima. "Sadzaona. Ndawazizitsa masabata onsewa pachabe."

A Buchan anapita ku galimoto n'kubwera ndi chitini chija, chipale chili pa chivundikiro chake. Anachiika pa mgolo.

"Tamvera, mwana wanga. Kuti sindidzakuona ukunyamuka wekha koyamba, zikundiwawa. Sindikunamiza, zikundiwawa kwambiri. Koma ukudziwa kuti ku ntchito timapita pa helikopita. Pali woyendetsa wina, tikamuona tonse timadandaula, chifukwa kukangochita kankhungu amabwerera nafe kumtunda. Timamutukwana chamumtima, ena mokweza. Koma amayi ako akandifunsa pa foni kuti mawa akukutengani ndani, ndikatchula ameneyo, amagona tulo."

Anatsekula chitini.

"Ine ndinkabwera kuno Loweruka lililonse ndi mantha, osakuuza. Ndinkati ndikapita kunyanja, mwana uyu ali m'mwamba yekha, adzamuletsa ndani? Lero ndaona. Ndinali pa phiko, ndikukuuza ndi maso kuti pita, ndipo unandikana ine bambo ako. Lolemba ndinyamuka mtima uli m'malo."

Rhona anawakumbatira, nkhope itabisika mu jekete lawo lonyowa.

"Koma mwambo umati keke ndi ya wouluka yekha," anatero uja anang'ung'udza za mantha uja, mwina pofuna kukonza zake.

"Pa mpando wakumbuyo panali ndani?" anafunsa a Tulloch.

"Panalibe munthu."

"Ndiye dulani. Ina adzaphika tsiku lakelo."

Mpeni unali utangolowa pamene tinamva thirakitala. Nyali zake zinatulukira m'chipale, zikubwera mothamanga kuposa mmene munthu wokoka ndege amayendera. Mayi Geddes anadumpha injini isanazime. Kumbuyo kwa thirakitala chingwe chinkakwekwereka chopanda kanthu.

"Ku munda kulibe ndege," anatero. "Ndazungulira konse. Ngakhale podutsa tayala palibe."

A Tulloch anaitana pa wailesi. Inangoti shiii. Anaitananso, chimodzimodzi.

Shedi inasokonezeka. Wina anathamangira foni. Ena anatola matochi ndi zingwe. "Ayenera kuti wapitirira munda, ali kumadambo a kum'mawa!" anafuula a Tulloch. "Magalimoto onse kum'mawa, kusanade!"

Anthu anali kale pakhomo, makiyi ali m'manja. Rhona anaima pafupi ndi mgolo, nkhope itayera ngati chipale chomwecho. Anayang'ana malo opanda kanthu pamene kandege ka Struan kamagona. Bambo ake anaika dzanja pa phewa lake.

"Imani!"

Wofuulayo anali Rhona. Pa bwalo lathu mawu amenewo sadutsidwa. Onse anaima pomwe anali, ena mwendo uli kale panja.

"Mukukamufuna kolakwika," anatero Rhona. "Struan sali kum'mawa. Anandiuza asananyamuke, ine n'kukhala chete. Ali kuseri kwa phiri."

A Tulloch anatembenukira ku Garvel. Phiri silinkaoneka n'komwe, ndipo kunja kunali kutayamba kuda.